Kabokosi ka pa mjigo: lipoti la zomwe tinachita ndi ophunzira a chaka chachitatu

Anzanga ophunzitsa mwakhala mukundifunsa za pulojekiti ya mijigo ija, yoika kabokosi kotumiza meseji yosonyeza ngati mjigo ukugwira ntchito, ena pa WhatsApp ena tikakumana m'makonde, ndiye ndati ndingoilemba yonse pamalo amodzi momwe inayendera, pabwino ndi pomwe tinapunthwa pomwe. Ine ndimaphunzitsa kosi ya zipangizo zolumikizana kudzera pa netiweki, zomwe aliyense masiku ano akungoti IoT, kwa ophunzira a chaka chachitatu pa yunivesite ina kuno kum'mwera. Mudzi womwe tinagwirako ntchito sindiutchula dzina poti eni ake sindinawapemphe zowaika pa intaneti.

Kwa zaka zingapo kosi imeneyi imangothera mu labu basi. Ana alumikize Arduino, kabodi kakang'ono ka kompyuta, kagetsi kayake kazime, kenako sensa ya DHT22 iwerenge kutentha kwa m'chipinda manambala aoneke pa laputopu, pomaliza gulu lililonse libweretse pulojekiti yake. Ndipo mapulojekiti ake amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, geti yotsegula ndi foni, magetsi a m'nyumba oyatsa uli ku tawuni, zomwe aona pa YouTube. Sizoipa ayi, amaphunzirapo ndithu, koma kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi ndipo nyumba zowunikira magetsi zinali zongopitirira pang'ono 11 pa 100, ndiye zimandiwawa kuona mwana woti kwawo amawunikira tochi ya mabatire akupangira geti bwana woti sanamuonepo. Chionetsero chikatha timazula mawaya, zipangizo kubwerera m'kabati kudikira a chaka chamawa.

Chomwe chinanditembenuza ndi kolera. Mliri uja unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unatenga miyoyo yoposa 1,700, usanathe n'kutha komwe kunabwera namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 kudzawononga zitsime ndi zimbudzi m'maboma ambiri a kum'mwera kuno. Tsiku lina tikukamba za masensa a madzi, mtsikana wina wosakonda kuyankhula m'kalasi anakweza mkono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, kwathu mjigo ukafa amayi amabwerera kumtsinje, ndipo mwezi umatha usanakonzedwe, kodi zomwe tikuphunzirazi sizingathandizeko pamenepo?" Ndinalibe yankho tsiku limenelo, ndinangomulonjeza kuti tiyesa.

Ganizoli silinayambe ndi ife. Akatswiri a ku yunivesite ya Oxford anayamba cha m'ma 2012 kuika tizipangizo m'mahandulo a mijigo ku Kyuso, dera la Kitui ku Kenya, totumiza uthenga pa netiweki ya foni kusonyeza ngati mjigo ukupopedwa, ndipo nthawi yodikira kuti mjigo ukonzedwe inatsika kuchoka pafupifupi mwezi kufika masiku osakwana atatu. Tinawerenga zimenezi limodzi, tonse maso n'kungokhala pa kachipangizoko. Chomwe sitinachiikire mtima n'choti ku Kenyako kunali amakaniko olipidwa, okhala ndi masipeya, ongodikira uthengawo ufike. Zimenezi zinadzatipeza kutsogolo.

Mijigo yambiri ya kumudzi kwathu kuno ndi ya mtundu wa Afridev. Kwa amene simunaonepo m'kati mwake, handulo imakoka ndodo zachitsulo zolumikizana kutsika mu paipi ya pulasitiki mpaka m'madzi, kumeneko kuli silinda yokhala ndi pulanja yokweza madzi ndi futivavu yoletsa madzi kubwerera pansi, ndipo zomwe zimatha msanga ndi timalabala, U-seal yotseka mpata wa pakati pa pulanja ndi silinda, ma bobbin, ma O-ring, kumtunda kuno ma bush bearing a pa handulo. Silinda yake ndi ya mamilimita 50 m'mimba mwake, handulo ikakwera n'kutsika mokwanira pulanja imayenda mamilimita 225, ndiye ndinawauza ana awerengere okha, n'kupeza kuti kupopa kamodzi kumakweza madzi ochepera pang'ono theka la lita. Ndowa ya malita 20 iyenera kudzaza ukapopa ka 45 kapena ka 50 ngati mjigo uli bwino. Pa masamu amenewa ndi pomwe tinamangira pulogalamu yathu yoyamba.

Kalasi ndinaigawa m'magulu atatu, gulu lililonse mjigo wake. M'kabokosi munali ESP32, kabodi koyendetsa zonse ka kampani ya Espressif ya ku Shanghai, sensa ya MPU6050 yomva kugwedezeka kwa handulo, modemu ya SIM800L yotumiza meseji pa netiweki ya foni ya 2G, batire yotchaja ya mtundu wa 18650, ndi waya wopita ku kasola kakang'ono pa mtengo pambali. Tinasankha SMS osati data mwadala, chifukwa kumudzi intaneti imabwera n'kuchoka koma meseji imadutsa ngakhale netiweki ili yochepa, komanso zilembo 160 n'zokwanira kunena kuti ola lililonse mjigo wapopedwa kangati. Nthawi zambiri kachipangizo kamakhala m'tulo tofa nato kuti batire isathe, handulo ikagwedezeka ndi pomwe kamadzuka. Ku labu tinaika kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi ndi modemu yolandira mamesejiwo. Poyamba tinkafuna mijigo yambiri kuposa itatu, koma bajeti inalembedwa Kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zipangizo zonsezi n'zoitanitsa ku China, ndiye ndalama zomwezo zinagula zochepa, kufika kwake mochedwanso.

Mu labu zinthu ziwiri zinawaphunzitsa kuposa manotsi anga onse. Choyamba SIM800L, kachipangizo kamangozima n'kuyambanso ikamafuna kutumiza meseji, ana anatha sabata yathunthu akusinthasintha pulogalamu kuganiza kuti cholakwika chili m'menemo. Sindinawauze yankho, ndinangowatengera pa oscilloscope, chipangizo chojambula mphamvu ya magetsi pa sikirini, kuti aone okha mzere wa magetsi ukugwa pansi nthawi yomwe modemu ikulankhula ndi nsanja ya netiweki. Kanthu kameneka kamafuna mavoti a pakati pa 3.4 ndi 4.4, ndipo kamakoka mpaka ma amp awiri mwadzidzidzi, timawaya topyapyala ta pa breadboard, bodi yoyeserera kulumikiza mawaya, sitingakwanitse. Anaika mawaya onenepa aafupi ndi capacitor yaikulu yosungirako magetsi, vuto linatheratu. Chachiwiri mabatire. Gulu lina linagula mumsika olembedwa 9,900 mAh, muyeso wa magetsi omwe batire imasunga, akusangalala kuti apeza amphamvu motchipa, pomwe 18650 yeniyeni siipitirira kwenikweni 3,500. Ndinabweretsa sikelo ya kukhitchini kwathu, yeniyeni imalemera magalamu pafupifupi 45, zawozo zinali zopepuka moti ngakhale m'manja umamva. Mapeto ake tinaphwasula mabatire a malaputopu akale n'kumayeza selo imodziimodzi kusankha zamoyo.

Kulowa m'mudzi ndiye nkhani yaikulu, ndipo ndikupempha aliyense wofuna kuchita zonga izi asathamangire. Tinadzera ku ofesi ya zamadzi ya pa boma, iwo anatilumikiza ndi makaniko wa mijigo wa deralo ndi alangizi a zaumoyo, kenako kwa a gulupu, ndipo a gulupu ndi omwe anaitanitsa msonkhano ndi makomiti a mijigo yonse itatu. Ophunzira anakonzekera zofotokoza zambiri, mpaka magilafu osindikiza, koma mafunso omwe anabwera sanali amenewo. Amayi ena anafunsa ngati kabokosiko ndi mita yoti ayambe kulipira madzi pa ndowa ngati ku tawuni. Ena anafunsa ngati kazimva zomwe amayi amakamba pamjigo. Kenako agogo ena aamuna anaimirira mwaulemu, chipewa m'manja, n'kufunsa kuti, "Wawa a mfumu, ife tingofuna tidziwe, kodi palibe chomwe anawa athire m'madzimo?"

Mnyamata wina wa m'kalasi mwanga anayamba kumwetulira, ndinamuyang'ana n'kusiya pomwepo, ndipo pobwerera m'basi tinakambirana bwinobwino. Anthu amenewa sakufunsa zopusa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, anthu anaphedwa pongoganiziridwa, bungwe la United Nations linachita kuchotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Mlendo wobwera ndi kabokosi ka mawaya kudzakamangirira pamadzi omwe ana akumwa ayenera kufotokoza mpaka aliyense akhutire, apo ayi aika moyo wake ndi wa anzake pachiswe. Chomwe tinachita n'chotsegula kabokosiko pabwalo pomwepo, kanayenda m'manja mwa aliyense, mtsikana uja anayambitsa nkhaniyi anafotokoza chigawo chilichonse m'Chichewa chomveka, apa palibe khutu, apa palibe diso, ichi chimangomva kugwedezeka basi. Kenako tinapempha amayi ena achikulire agwedeze kasensa m'manja mwawo, patapita kanthawi foni ya mlembi wa komiti inalira m'thumba, anawerenga mesejiyo mokweza anthu n'kuombera m'manja. Tsiku loika, titamanga zonse, ophunzira onse ndi ine tinamwa madzi a pamjigopo anthu akuona.

Zoika zenizenizo zinali ndi mavuto ake koma ndidutsapo mwachangu. Tinabisa kabokosi m'mutu wa mjigo poopa akuba, titangotseka chivindikiro netiweki inasowa, chitsulo chija chimatchinga, ndiye antena tinachita kuitulutsira kunja. Patatha masabata awiri kabokosi kena kanachita thukuta m'kati, chinyezi cha usiku, ndipo kena nyerere zinalowera pabowo la waya n'kumangamo. Ana anaphunzira kumata bwino mabowo ndi kupaka vanishi pa bodi, zinthu zoti mu labu sungaziganizire.

Apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Manambala atayamba kubwera, mjigo umodzi, wa pafupi ndi chigayo, umaonetsa kupopedwa kwambiri kuposa inzake ndipo sabata iliyonse manambala amakwera. Gulu lake linalemba mu lipoti kuti mjigowu ndi wathanzi kuposa yonse, anthu akutunga madzi ochuluka, dashboard yawo yoonetsa manambala imaupatsa mtundu wobiriwira. Titapita kukaona tinapeza msungichuma wa komiti, mayi wa msinkhu wa amayi anga, ali pamzere ndi ndowa zawo, ana n'kuwaonetsa gilafu pa foni monyadira. Iwo anangopukusa mutu. "Ana anga, mjigo uno ukudwala. M'mawa woyamba kufika amapopa mpaka mkono kuwawa madzi asanatuluke, kale timangogwira kawiri katatu madzi n'kubwera." Anatiuza tidzabwere mbandakucha tidzaone tokha.

Tinagona pa trading centre n'kulawira kusanache. Mtsikana wa zaka ngati khumi ndi ziwiri ndi yemwe anali woyamba, chitenje atachikulunga m'khosi chifukwa cha chisanu, anayamba kupopa, handulo ikungolira gwa gwa gwa yopepuka ngati mulibe kanthu, ife tikuwerenga chamumtima, kupitirira makumi atatu mpopi uli gwa wouma, kenako kamvekedwe kanasintha handulo n'kuyamba kulemera, madzi n'kutulukira. A makaniko anafotokoza pomwepo kuti futivavu ikudontha, usiku wonse madzi a mu paipi amabwerera pansi, ndiye m'mawa umayamba wadzaza kaye paipi yonse. Ndipo U-seal ikatha, kupopa kamodzi sikukwezanso theka la lita lija, ndowa imodzi imafuna kupopa kochuluka. Ndiye kuti manambala omwe ana anawaona ngati thanzi anali kulira kwa mjigo woti watsala pang'ono kufa. Sensa yathu imawerenga handulo, siimaona madzi.

Pobwerera palibe amayankhula m'basimo. Koma sabata yotsatira gulu lomwelo linabwera ndi nzeru yomwe ndimanyadira mpaka lero, anaika timawaya tiwiri ta chitsulo chosachita dzimbiri kukamwa kwa mpopi, madzi akadutsa amalumikiza tiwiri timeneti kachipangizo n'kudziwa kuti tsopano atuluka. Poyamba timawayato timadyeka chifukwa magetsi amadutsamo nthawi zonse, ndiye anasintha kuti azidutsa kamphindi kowerengera kokha. Ife aphunzitsi sitinafune kuika chinthu chokhudza madzi tisanabwererenso kwa a gulupu ndi komiti, poti tinalonjeza pabwalo, ndiye tinapita kukaonetsa timawayato n'kuvomerezedwa. Kuyambira pamenepo nambala yofunika kwambiri mu meseji inakhala yomwe anatiphunzitsa amayi msungichuma, m'mawa apopa kangati madzi asanatuluke.

Vuto lachiwiri linatichititsa manyazi kwambiri chifukwa linapweteka munthu. Pulogalamu yathu inali yoti mjigo ukakhala tsiku lonse osagwedezeka, meseji ipite kwa a makaniko kuti wafa. Tsiku lina meseji inapitadi, bamboyo anasiya ntchito kumunda kwawo, kupalasa njinga mtunda wautali dzuwa lili pamutu ndi masipanala awo, kufika n'kupeza mjigo uli bwinobwino koma handulo yamangidwa tcheni ndi loko. Komiti inatseka dala chifukwa mabanja ambiri sanasonkhe ndalama ya mwezi. Anandiimbira foni modekha koma mawu ake amamveka kuti akhumudwa, anangofunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga tsiku langa la lero alipire ndani?" Ndinawalipira ndekha za m'thumba ndi kupepesa, ndipo nkhaniyi ndinaibweretsa m'kalasi momwe inalili, chifukwa meseji yabodza kwa ife ndi kachilema ka mu pulogalamu koma kwa bamboyo ndi tsiku lathunthu lotayika. Masiku a mvula nawonso manambala amatsika kwambiri poti anthu amatchera madzi a padenga, zomwenso zikanatha kutinamiza.

Tinasintha kuti meseji iziyamba yapita kwa mlembi wa komiti, m'Chichewa, kufunsa ngati mjigo wawonongeka kapena atseka okha, ayankhe 1 kapena 2. Sanayankhe. Titafufuza, nkhani inali ya mayunitsi, foni ali nayo koma kuyankha meseji ndi ndalama, ndiye m'malo mwake amangofulasha mmodzi wa ophunzira. Ana anatengerapo nzeru, modemu ya ku labu imatha kuona nambala yomwe ikuimba ngakhale osayankha, ndiye tsopano mlembi akangofulasha nambala ya labu, ndiye kuti mjigo wawonongekadi ndipo meseji imapita kwa a makaniko. Sizimudyera tambala.

Zotsatira zake ndinene mosakometsera. Mjigo wa kuchigayo unakonzedwa usanafe, a makaniko anazula ndodo n'kusintha timalabala ta futivavu ndi U-seal tsiku limodzi, komiti inali ndi ndalama m'thumba lake, amayi sanapite kumtsinje ngakhale tsiku limodzi, ndipo mawa lake nambala ya m'mawa ija inagwa mpaka pansi ana akuionera pa laputopu n'kukuwa mu labu. Kabokosi kameneko kakugwirabe ntchito. Pa mjigo wachiwiri kasola kanabedwa usiku, kabokosi kanakhala chete batire itatha. Wachitatu ndi womwe umandipatsa maganizo, chilichonse chinali bwino koma SIM khadi inalembetsedwa pa chiphaso cha wophunzira, monga lamulo limafunira kuti nambala iliyonse ikhale ndi mwini wake, semesita itatha mwanayo anapita ku attachment, mayunitsi anatha, palibe anadziwa kuti udindo wothiramo ndi wa ndani. Anthu a kumeneko anatilandira bwino, anatiphikira nsima, ife n'kuwasiyira kabokosi kosalankhula pamjigo pawo. Limenelo ndi vuto la kakonzedwe kanga ka kosi, osati la mwanayo.

Ndiye nazi zomwe ndasintha. Malikisi sakuchokeranso pa chionetsero cha tsiku limodzi, gawo lalikulu likuchokera poti kachipangizo kakutumizabe meseji patatha masabata angapo kali kumudzi, komanso ngati a komiti angathe kufotokoza okha zomwe kamachita ndi koti aimbe kakasiya. Gulu lililonse lilembe tsamba limodzi la Chichewa losiyira komiti, ndipo ndaona kuti wophunzira amene sangafotokoze sensa m'Chichewa nthawi zambiri ngakhale m'Chingerezi amangoloweza. Ndinaonanso kuti m'magulu onse anyamata amalanda zowotcherera mawaya atsikana n'kupatsidwa zolemba lipoti, pomwe kumudzi amayi amamasuka kwambiri ndi atsikanawo, ndiye tsopano aliyense awotcherere bodi yake ine ndikuona, aliyensenso ayankhule pabwalo. Taonjezamo phunziro la lamulo loteteza data la 2024, chifukwa ngakhale kabokosi sikatenga dzina la munthu, ife timasunga manambala a foni a alembi ndi amakaniko, ndipo ana ayenera kuzolowera kupempha chilolezo ndi kudziwa yemwe angaone zimenezo.

Chosintha chachikulu n'choti semesita ikubwerayi masabata awiri oyamba sitikhudza waya. Tikakhala ndi a makaniko aja, tawaika pa bajeti ngati mphunzitsi wolipidwa, ana akazule okha ndodo, agwire U-seal yakutha m'manja, adzuke mbandakucha kukawerenga pamjigo ndi amayi asanalembe mzere ndi umodzi womwe wa pulogalamu. Ma SIM khadi tikufuna alembetsedwe m'dzina la dipatimenti, makalata ake ndalemba kale. Kasola ka mjigo wachiwiri tikufuna tikakakhome padenga la nyumba yoyandikana nayo, mwini wake wavomera.

Za mayunitsi sitinamalize. Komiti ya kuchigayo ikuti ikhoza kumachotsa pa ndalama ya mwezi poti aona phindu lake, koma makomiti awiri enawo akuti ndalama zomwe amasonkha sizikwanira n'komwe masipeya, ndipo sindingawatsutse. A gulupu anena kuti tidikire anthu akolole kaye ndiye aitanitse msonkhano wina, ndipo amayi msungichuma atumiza uthenga kuti tikamabwera tisaiwale U-seal ziwiri zapadera, ndalama yake atipatsa tikafika.